Tsiku limene kompyuta yanga inangolira

Lachiwiri m'mawa ndinayatsa kompyuta yanga ya patebulo. Fani inkazungulira, sikirini ili bii, kenako inalira katatu: tii, tii, tii. Mtima unangoti myuu, ndinkaganiza kuti zithunzi zanga zonse zapita.

Komatu kulirako kuli ndi tanthauzo. Kompyuta isanayambe ntchito imadziyesa kaye yokha, ndipo pa BIOS (pulogalamu yomwe imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa) ya kampani ya AMI ngati yangayi, kulira katatu mwachidule kumaloza ku RAM, timabolodi tomwe timasunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito.

Ndinazula chingwe cha magetsi n'kutsegula bokosilo. Fumbi lake, ndinachita kudzichitira manyazi! Ndinatulutsa ma RAM onse awiri, ndinapukuta timano take tagolide ndi chofufutira cha pensulo, n'kubwezeretsa imodzi mpaka inakhazikika bwino. Kompyuta inayaka. Nditangowonjezera yachiwiri, kulira kuja kunayambiranso. Yachiwiriyo pano ili m'dirowa.