Banga la pa bulauzi ya amayi

Lachitatu usiku. Bulauzi ija ili pa chingwe kukhonde ndipo ndatulukapo kale kawiri kukayiunika ndi foni.

Ndi bulauzi yoyera ya Mvano imene amayi anandisiyira. Loweruka tinali kumaliro, ine ndili kumaphikiro, mafuta a mumphika wa nyama n'kundithothokera pachifuwa. Madontho atatu okha. Nditafika kunyumba ndinangoyiponya m'dengu la zochapa chifukwa cha kutopa. Mwana wa achemwali anga, pofuna kundithandiza, anayichapa ndi madzi ozizira, n'kuyanika, kenako n'kuyisita bwinobwino. Lero m'mawa ndapeza mabanga atatu achikasu atakhazikika. Ndamukalipira mwanayo, mawu amene sindikufuna kuwalemba pano.

Masana kunabwera apongozi, anandipeza ndanyamula botolo la Jik.

"Mukufuna kutani nayo, mayi?"

"Ndiyinyike, amayi, mwina iyera."

Anandilanda botololo. Akuti Jik amayeretsa nsalu koma mafuta sawasungunula, ndipo ukachulutsa nsalu imafooka n'kuyamba kung'ambika. Anakhala pamkeka, bulauzi pamiyendo, n'kumandifunsa mofatsa chimene ndinachita mafuta atangogwera. Palibe. Anapukusa mutu. Akuti pomwepo ndikanatapa ufa woyera, umene unali wambirimbiri pamaliropo, n'kuwaza pabangapo osatikita, ufawo umwe mafuta asanalowe mu ulusi. Choko kapena paudala wa mwana amagwiranso ntchito yomweyo. Chimene chaononga kwambiri ndi simbi, poti kutentha kumamatiriza mafuta mkati mwa nsalu. Ndipo chovala chikanyowa banga la mafuta limabisala, n'chifukwa chake mwana uja anaona ngati chayera.

Apa mtima unandipweteka. Mwana wa zaka 14 akanadziwa bwanji zimene ine wamkulu sindimadziwa?

Anaitanitsa sopo wamadzi wotsukira mbale, uja wa Sunlight. Anayala kansalu kakale kunsi kwa banga, nathira sopo pansalu youma, osayamba anyowetsa, n'kumatikita pang'onopang'ono ndi mswachi wakale kuchokera m'mbali kulowa pakati. Akuti sopo amene amachotsa mafuta m'mbale ndi yemwenso angawachotse pachovala. Tinayisiya pafupifupi mphindi 30, tikumwa tiyi. M'menemo anayamba za malemu apongozi aamuna, momwe ovolosi yawo inkabwerera ndi girizi wa njinga, iwo n'kumayamba ndi palafini panja, kutali ndi moto, kenako sopo ndi madzi otentha. "Koma iyi ayi, palafini asayandikire."

Tinatsukuluza ndi madzi otentha ndithu. Anandiuza kuti ndisasite mpaka iume ndione, ndipo ngati banga likuonekabe ndibwereze, kaya katatu.

Ponyamuka anati amayi anga ankayivala bwino bulauziyi. Sindinayankhe, misozi inali pafupi.

Mwana uja wadya nsima mwakachetechete n'kukagona msanga. Ndinafuna kulowa kuchipinda kwake koma ndinaima pakhomo, kenako n'kubwerera. Mawa Lachinayi kuli Mvano, 2 koloko. Pakolala pauma, pachifuwa pakadali chinyezi, ndiye sindikutha kuona ngati awiri aja achokadi. Banga lachitatulo, lalikulu lija pafupi ndi batani, ndikuliona ngati likadalipo.