Tsiku Limene Mabatani Anga Anamira

Batani lachikale la pa kompyuta ndi bodza la mizere inayi. Sikirini ndi yosalala, palibe chotundumuka ngakhale chimodzi. Koma mukajambula mzere woyera pamwamba ndi kumanzere kwa kabokosi, wakuda pansi ndi kumanja, diso limalumbira kuti chinthucho chatuluka, chala n'kuyamba kuyabwa. Mukasinthanitsa mitunduyo, kabokosi komweko kamasanduka dzenje. Aliyense amene anazolowera Windows 95 ndi azing'ono ake anaphunzira osadziwa kuti dzuwa la pa sikirini limawalira kuchokera pakona ya pamwamba kumanzere, ndipo chotundumuka n'chodina, cholowa m'kati n'cholembamo. Ineyo zimenezi ndinkazidziwa kwambiri, moti ndinkafotokozera ngakhale anthu amene sanandifunse.

Ofesi ina itandipempha kuti ndiwakonzere fomu yolembera katundu wolowa ndi wotuluka, ndinati apa ndiye aona luso. Ndinagwiritsa ntchito Microsoft Access, pulogalamu yopangira mafomu ndi kusungiramo zolembedwa. M'menemo muli kamalo kotchedwa SpecialEffect, kamene kamasankha maonekedwe a m'mphepete mwa chinthu, ndipo maonekedwe ake alipo asanu ndi limodzi, onse ndi nambala yake: 0 ndi chosalala, 1 chotundumuka, 2 cholowa m'kati, 3 chonga chozokotedwa, 4 chokhala ndi mthunzi, 5 chonga chosemedwa. Mabatani wamba a pulogalamuyo ndinawaona ngati a anthu opanda maloto. Ndinatenga timalebulo, timabokosi tongoonetsa mawu, n'kutipaka mitundu, n'kutiphunzitsa khalidwe la batani: mausi ikadinidwa lebulo lilowe, ikasiyidwa litundumukenso. Ndi kachenjerero kakale, ambiri amachita, ndipo kamagwira ntchito bwinobwino.

Usiku woti mawa lake ndikapereke ntchito, ulesi unandinong'oneza kuti m'malo mokonza chinthu chilichonse pachokha, ndilembe timizere tochepa ta malamulo a pulogalamu toti fomu ikamatseguka tizizungulira zonse n'kuziika m'malo mwake. Mabatani atenge nambala yawo, mabokosi olembamo atenge yawo, mutu wa fomu utenge mthunzi. Ndinalemba mwamtima, maso ali gwa ndi tulo. Mabatani ndinawapatsa 2, mabokosi 1. Kutsegulanso fomu kuti ndione? Katswiri satero. Ndinatumiza, n'kukagona tulo ta munthu wolungama.

Foni inalira chakumasana.

“Achimwene, pulogalamu yanu ija ndi yaulemu kwambiri,” anatero mayi amene amalemba katundu. “Ikumasunga yokha.”

Ndinamwetulira kaye, kenako mtima unati phwii, chifukwa fomu imeneyo ndinaipanga kuti isasunge kanthu mpaka munthu atadina batani lolembedwa kuti Sungani.

“Mayi, ikusunga yokha bwanji?”

“Ndikamaliza kulemba, ndikayang'ana pa Sungani ndikupeza padinidwa kale. Ndiye ndikumangotseka n'kuyamba wina.”

Kuyambira m'mawa. Katundu yense wa m'mawawo anali atalembedwa m'malere.

Nditafika ndinapeza anthu atazungulira tebulo limodzi ngati pagwa ngozi. Pa sikirini, fomu yanga inali itavala malaya chotembenuza. Sungani, Fufuzani, Tsekani, onse anali atamira, aliyense m'dzenje lake. Mabokosi olembamo dzina la katundu ndi kuchuluka kwake anali atatundumuka monyada, akudikira kudinidwa. Mnyamata wina wa m'nyumba yosungira katundu anali atakhala akudina bokosi la tsiku mobwerezabwereza, kudikira kuti kalendala ituluke. Litakana, anaganiza kuti mausi yatopa, n'kukabwereka ya tebulo lina. Kenako anayesa kulemba m'kati mwa Fufuzani, poti dzenje lililonse pa kompyuta amalembamo, ndipo atangokhudza, pulogalamu inayamba kufufuza chinthu chopanda dzina n'kumubweretsera uthenga wolakwa. Iye anadzuka pampando, manja m'mwamba, akuti sanagwire kalikonse.

Chondipweteka n'chakuti palibe amene anachita chopusa. Anthuwo anawerenga mizere ija molondola kuposa mwini wakene.

Abwana anali ndi nkhondo yawoyawo. Mutu wa fomu, umene ndinaupatsa nambala 4, unali ndi mthunzi wakuda wokhuthala kumunsi ndi kumanja, monga mmene ndinafunira. Chinthu chokhacho chimene chinatuluka bwino. Koma iwo anali atatulutsa kampango m'thumba, akupukuta sikirini pamalo pomwepo, akuuzira mpweya, akupukutanso.

“Sikirini imeneyi ndi yatsopano,” anatero osandiyang'ana. “Pulogalamu yanu yaidetsa.”

“Ndi mthunzi umenewo, bwana. Ndinauika dala.”

Anayang'ana kudenga kumene kunali getsi, anayang'ana kuwindo, kenako ine.

“Mthunzi wa chiyani?”

Ndinayamba kufotokoza. Apa ndiye ndinadzikumbira dzenje loposa la Sungani. Ndinanena za dzuwa la pakona, za mzere woyera ndi wakuda, za mmene mabatani akale aja anali otuwa, ofiira 192, obiriwira 192, abuluu 192, ndi m'mphepete mwake mokhuthala pixel (kadontho ka pa sikirini) imodzi kapena ziwiri basi. Ndinafika ponena kuti si Access yokha, zida zinanso zopangira mapulogalamu zimatero: a Python ali ndi relief mu Tkinter, a Delphi ali ndi BevelInner ndi BevelOuter, a Java ali ndi BevelBorder, onse amanama bodza lomweli. Mayi aja anangoti, “Ndiye katundu wanga wa m'mawa ali mu iti mwa imeneyi?”

Nthawi yonseyi bambo wina wachikulire, amene amatumikira pa ofesipo, anali chiimire kumbuyo, makalata ali m'khwapa. Anapempha mwaulemu kuti aone nawo. Anapendeketsa mutu, anaupendeketsanso, kenako anaika makalata pansi, ananyamula laputopu ija n'kuitembenuza chadodolido, kiyibodi kumwamba.

Mabatani onse anatundumuka.

Ndikunena zoona, ndipo mukhoza kuyesa nokha. Chithunzi chikatembenuka, mzere woyera umene unali pansi ndi kumanja umapita pamwamba ndi kumanzere, diso n'kuvomera nthawi yomweyo. Sungani anatuluka m'dzenje ali wonenepa bwino. Mabokosi olembamo anabwerera pansi modzichepetsa. Anthu anaomba m'manja, ndipo sanaombere ine.

“Mwaona, mwana wanga,” anatero bambowo, mikono ikunjenjemera ndi kulemera kwa laputopu, “munangoiika mozondoka.”

Kukonza kwenikweni kunali kusintha manambala awiri, 2 akhale 1, 1 akhale 2, pa timizere tija. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire makinawo, koma abwana anandiletsa ndi kampango kaja. Anawerama, khosi litapindika, akuyesa kuwerenga mawu ozondoka a pa fomu, ndipo anakhala choncho kanthawi ndithu. Atadzuka nkhope yawo inali ya munthu amene wagwira mbava.

“Mabataniwa alibe vuto, ndawaona ndekha. Musawakhudze. Vuto ndi zilembo zanuzi. Mutembenuze zilembo zokhazo, ndipo achikulirewa muwapezere poika laputopu, sangaigwire chonchi mpaka madzulo.”