Log ya 7Q pa LoTW: nthawi ikhale ya UTC basi

Zatheka tsopano. Ma QSO anga (kulumikizana kwanga ndi anzanga pa wailesi ya amateur) akuoneka pa Logbook of the World (LoTW), malo a pa intaneti otsimikizirana ma QSO, ndipo anzathu a ku Japan ndi ku Italy amene ankandisowetsa mtendere ndi maimelo ofuna chitsimikizo cha 7Q (chiyambi cha ma callsign a ku Malawi) akhala chete. Koma ukali sunandithere.

Za satifiketi sindichedwapo. Tsitsani TQSL, pulogalamu yosainira ndi kukwezera ma QSO pa LoTW, pemphani satifiketi ya callsign yanu (dzina lanu la pa wailesi), ndipo poti sitili ku America, tumizani ku ARRL, bungwe loyendetsa LoTW, chithunzi cha laisensi ndi cha chitupa china monga pasipoti. Satifiketiyo ikabwera ngati fayilo ya tq6, ilowetseni. Pa Station Location lembani CQ zone 37, ITU zone 53 ndi gridi yanu (khodi ya malo amene muli). Kuno ku Blantyre ndi KH74. Apa palibe chovuta.

Chimene chinandidyera Loweruka lonse ndi pulogalamu yakale yolembera log (kaundula wa ma QSO), imene sindiitchula dzina. Ili ndi batani lonena kuti imatulutsa ADIF, mtundu wa fayilo yosinthanirana ma log. Eya, fayilo inatuluka, TQSL inasainira, zonse zinakwera bwinobwino. Zitsimikizo? Ziro.

Kumbukirani kuti ADIF ndi mgwirizano wakalekale, wa m'ma 1996, ndipo mwana wa Fomu 2 akhoza kuumvetsa. Chilichonse chili ndi dzina lake ndi chiwerengero cha zilembo zake, QSO iliyonse imatsekedwa ndi chizindikiro cha EOR, tsiku limayamba ndi chaka kenako mwezi, nthawi ndi ya UTC, imene ili imodzi pa dziko lonse lapansi. Ya UTC! Pulogalamu ija inkangotola nthawi ya pa kompyuta n'kuiponya mu TIME_ON (polemba nthawi imene QSO inayamba) osachotsa kanthu. Ife tili patsogolo ndi maola 2, pamene LoTW imagwirizanitsa ma QSO pokhapokha nthawi za mbali ziwirizo zisasiyane kupitirira mphindi 30. Ndiye QSO iliyonse inali yamasiye.

Musaganize kuti kuchotsa maola awiri pamzere uliwonse kukwanira. QSO ya 01:15 usiku kwathu kuno ndi ya 23:15 dzulo lake, tsiku liyenera kubwerera m'mbuyo, ndipo likakhala loyamba la mwezi, mwezinso ubwerere. Ine ma QSO ambiri a pa bandi ya 40 m ndimawapeza usiku ngati umenewo, magetsi akakhalapo. Ndinakhala pa spreadsheet mpaka maso kuwawa.

Ndisanaiwale: zimene mwakweza pa LoTW sizifufutika. Zolakwika zija zidakali pompo, zokonzedwazo zinangolowa ngati zatsopano. Choncho musanakweze kanthu tsegulani fayilo mu Notepad, sankhani ma QSO angapo amene mukuwakumbukira bwino, muone ngati nthawi ili ya UTC.

Panalinso za mode (njira yotumizira uthenga pa wailesi). Mu ADIF, FT8 ndi mode payokha, koma FT4 imalembedwa MFSK, dzina la FT4 n'kupita pa submode, monga USB ndi LSB zili pansi pa SSB. Mwini pulogalamu ija anaona kuti iye ndi wanzeru kuposa onse, anapeka dzina lakelake n'kuunjikamo zonse za pa kompyuta, RTTY, PSK31, FT8, mphika umodzi. Chinandipulumutsa ndi fayilo ya wsjtx_log.adi imene pulogalamu ya WSJT-X imasunga payokha, yolembedwa mwadongosolo, nthawi yake ya UTC. Za kuyambira 2017 pamene FT8 inatuluka ndinazitenga m'menemo. Za RTTY zakale ndinachita kufufuza m'kope.

Chimandikwiyitsa n'chakuti njira yabwino tikuidziwa kale. Onani Hamlib: anthu anagwirizana kuti chilankhulo cha wailesi iliyonse, kaya Icom, Yaesu kapena Kenwood, chilembedwe pamalo amodzi, ndipo WSJT-X ndi fldigi zimangogwiritsa ntchito zomwezo. A mipikisano ali ndi mtundu wa fayilo wotchedwa Cabrillo, aliyense amatumiza log yofanana, palibe wolira. Nanga munthu wolemba pulogalamu ya log amalephera bwanji kuwerenga malamulo a ADIF amene ali poyera pa intaneti, aulere? Ngati sukufuna kuwatsata, usalembe ADIF pa batani lako.

Satifiketi ija isungeni mu fayilo ya p12 pa flash, chifukwa kompyuta ikafa mulibe, mudzapempha ina. Pulogalamu yakale ndaichotsa. Yatsopanoyi ndisanaikhulupirire ndinalemba QSO yabodza ya 00:30, ndinatulutsa fayilo, ndipo inaonetsa 22:30 ya dzulo lake. Inunso yesani yanu chimodzimodzi musanaipatse log ya zaka zambiri.