Zomwe tinakapeza ku Blantyre pa ulendo wa kalabu yathu ya zaumoyo

Kalabu yathu ya zaumoyo ya ophunzira a ku Zomba inapita ku Blantyre kukacheza ndi anzathu ophunzira zachipatala ku KUHeS, yunivesite yomwe inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Tinalawirira m'mamawa pa minibasi yahayala, kudutsa Thondwe, Namadzi ndi Njuli, ndipo dzuwa lisanatenthe tinali titafika kufupi ndi chipatala cha Gulupu. Funso lomwe tinanyamula linali limodzi: wophunzira wa ku yunivesite amadziwa zochuluka bwanji za thupi lake, nanga chimamulepheretsa n'chiyani?

Anzathuwo sanatichedwetse ndi malankhulidwe. Titangomwa tiyi, mtsikana wina wophunzira za mankhwala anayika paketi ya LA, mankhwala a malungo, patebulo n'kutifunsa kamwedwe kake. Tonse tinayamba tadwalapo malungo, koma mayankho anali mbwee. Wina anati kawiri pa tsiku mpaka upeze bwino, wina anati masiku asanu. Iye anatambasula paketiyo n'kumaloza ndi chala: munthu wamkulu amamwa mapilisi 4 nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, kwa masiku 3, onse pamodzi 24. Ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8, ndipo mankhwalawa amagwira bwino ukamwera chakudya chamafuta pang'ono kapena mkaka. Atafunsa kuti ndani anasiyirapo panjira thupi litangopepuka, manja ambiri anakwera. Mapilisi otsalawo timasungira mnzathu wa m'chipinda akadzamva mutu, osayezetsa n'komwe magazi.

Nkhani inafika pachimake titayamba za PEP. Ambiri mwa ife tinkayisokoneza ndi mapilisi oteteza mimba mwadzidzidzi, ena ndi PrEP, mankhwala omwe munthu amamweratu kuti adziteteze ku HIV. Anatimasulira mofatsa: PEP ndi ya munthu amene akuganiza kuti wakhudzana ndi HIV, kaya kondomu yaphulika kaya wagwiriridwa. Iyenera kuyambidwa asanathe maola 72, imamwedwa masiku 28, ndipo m'zipatala za boma ndi yaulere. Mapilisi a mimba aja satchinga kachilombo ngakhale pang'ono. Zinandiwawa mumtima kuganiza za atsikana ndi anyamata omwe amatha maola amenewo ali chogona m'hositelo, akulira okhaokha, thandizo lili pafupi.

Masana tinagawikana m'magulu kuti tifufuze chomwe chimachititsa zimenezi. Ena anatchula ndalama, poti thumba likaphwa munthu amangogula makapisozi awiri a amoxicillin pagolosale n'kumati wachira. Ena anatchula timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, tolembedwa m'Chingerezi chachipatala chomwe ngakhale wa chaka chachinayi amangochiyang'ana. Za m'magulu a WhatsApp ndi TikTok zinatulukanso, komanso zomwe tinakula nazo kwathu. Koma kwa ine chachikulu ndi manyazi. Mnyamata wina wa gulu lathu ananena mosabisa kuti sangaime pamzere wa ku kiliniki ali ndi chizindikiro cha matenda opatsirana pogonana, chifukwa m'mbuyo mwake muli anthu omwe mawa akhala nawo m'kalasi. Ndiye amafunsa mnzake, mnzakeyo n'kumuuza zomwe anamva kwa wina. Kuwonjezera pamenepo, timadziona ngati ophunzira kwambiri moti kufunsa namwino funso laling'ono timakuyesa kudzitsitsa.

Anzathuwo anatikumbutsa za kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo mauthenga ankamveka m'Chichewa, mobwerezabwereza, ndipo aliyense anadziwa za klorini ndi Thanzi ORS. Anatipatsanso nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, komwe munthu amafunsa azaumoyo popanda womuona nkhope. Ambiri tinayisunga m'mafoni pomwepo.

Pobwerera, m'minibasi munali kukambirana kokhakokha mpaka Zomba. Tagwirizana kuti tilemba uthenga wa PEP ndi wa kamwedwe ka LA m'Chichewa chosavuta, namwino wa ku kiliniki yathu auwunike kaye, kenako tiumate m'zimbudzi za m'mahositelo, momwe munthu amawerenga payekha. Anzathu a ku Blantyre alonjeza kudzatiyendera teremu ikubwerayi, pa sabata yolandira ophunzira atsopano, ndipo tawapempha kuti adzabwere ndi nkhani ya nkhawa ndi matenda a maganizo, yomwe nthawi inatithera tisanayikhudze.