Basiketi yanga imene sinawerengedwe

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka kwa amayi ogulitsa tomato ku Kapata, bola ndiinene ndekha musanaithire mchere. Inde, pamasewero a basketball ndinalanda mpira m'manja mwa munthu ali kunja kwa bwalo. Koma tamvani kaye.

Kunatsala masekondi 40 kuti kota yomaliza ithe, ife tikutsogola ndi pointi imodzi pa anyamata a ku Katete aja. Mpira unatuluka, n'kukhala wawo. Bwalo lija mukulidziwa, waya wa mpanda uli pafupi ndi mzere, sipakwana mamita 2. Pamalo pothina chotero, lamulo la FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, limati wotchinga atalikire mita imodzi kwa woponya, ndipo dzanja, phazi, ngakhale mphuno, zisadutse mzere mpira usanaponyedwe. Zonsezi ndazidziwa Lolemba. Masewero anali Loweruka.

A refa asanapereke mpira, anandiyang'ana n'kuyendetsa mkono motsatira mzere. Ati limenelo ndi chenjezo la m'mphindi 2 zomaliza, ukadutsa basi tekiniko pompo, chilango chopatsa adani mpira waulere. Ine ndinkayesa akuingitsa ntchentche. Ndinachita kuwagwedezera mutu powamvera chisoni.

Woponya amakhala ndi masekondi 5 okha. Mnyamata uja cheu uku, cheu uko, mpira uli lende pamphuno panga ngati papaya wakupsa wa aneba wolendewera kumpanda kwathu. Abale, mtima wa munthu. Ndinathyola.

Ndiye liwiro lake! Kucheuka, palibe wondithamangitsa. Ndinati eya, andiopa. Wezulo ndinaimva ndithu, katatu konse, koma ndinati a refa nawonso magazi awira. Kudumpha, mpira lowu! Ndinadziguguda pachifuwa, n'kuponda pansi ngati impi pa Nc'wala ku Mtenguleni. Ndinalozanso kumwamba kuthokoza Mulungu. Ndinapsompsona ndi jezi yomwe, yobwereka.

Zii bwalo lonse.

Osewera onse asanu ndi anayi anali chiimire pomwe ndinawasiya, a refa atapanga T wa tekiniko ndi manja. "Achimwene, tabweretsani mpirawo." Bwalo la basketball ndi mamita 28, koma pobwerera ndinayenda ngati ndikupita ku Lundazi wapansi. Kamwana kena pawaya kanafunsa mokweza, "Amalume, mumasewera ndi ndani uko?"

A ku Katete anaponya mpira waulere umodzi, zigoli n'kufanana. Mpira unabwereranso kwa iwo pamalo omwe aja, ine nditaima kutali manja kumbuyo ngati mwana wa kwaya. Anagoletsa. Tinaluza ndi mapointi 2.

Koma tinene zoona, mzere ujanso unali mzere? Laimu wake anapita ndi mvula ya Febuluwale. Ndipo manja aataliwa sindinagule, ndi akuchimuna, kafunseni atate. Komanso mnyamata uja, munthu wanzeru amagwira mpira ngati akupereka mbale ya nsima kwa mlendo?

Kaya. Koma kudumpha kuja kunali kwabwino. Ngati alipo anajambula pafoni anditumizire, adule poyambapo ndi pothera.