Anasamutsa seva osatiuza

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: matikiti a zofunika kukonza mu khodi, misonkhano yosatha ku ofesi kwathu ku Rosebank kuno ku Johannesburg, madzulo kuthamangira sitima ya Gautrain. Lachitatu usiku ndi pomwe bokosi lofufuzira katundu pa webusayiti ya kasitomala wathu linangoti zii. Kulemba "nsapato", osatuluka kanthu.

Nditatsegula ma log, momwe pulogalamu imalemba zomwe zikuchitika, ndinapeza uthenga wa cholakwika woti UnsupportedProductError. Amene munagwirapo Elasticsearch, pulogalamu yoyendetsa mabokosi ofufuzira ngati limeneli, mukuidziwa. Kuyambira pa mtundu wa 7.14, client yake, kapulogalamu kolumikiza khodi yathu ndi seva, imayamba yafunsa kaye kuti seva ikulankhula nayoyo ndi yotani, ikaona kuti si Elasticsearch imakana. Nanga seva yathu yasanduka liti? Kufunsafunsa, zinadziwika kuti mabwana anapangana ndi kampani ina yosamalira maseva kuti atisamutsire ku OpenSearch, ija inapatuka pa Elasticsearch 7.10.2 mu 2021; mabwanawo akuti ankafuna kupulumutsa ndalama. Ife olemba khodi, olo imelo imodzi.

Kukonza kwake si nkhani: kuchotsa client yakale, kuika ya OpenSearch yotchedwa opensearch-py, kulozera ku seva yatsopano pa port 9200 kudzera pa https. Chomwe chinatigoneka mochedwa ndi satifiketi yotsimikizira kuti sevayo ndi yeniyeni. Anaisainira okha, ndipo fayilo ya CA, yomwe client imafuna kuti ikhulupirire satifiketiyo, inali ndi munthu mmodzi, foni yake yothima. Mnzanga wa kwathu ku Mulanje, maso ali psuu, anati, "Achimwene, ingoikani verify_certs=False tikagone, mawa tidzaona." Ndinakana, poti kumeneko n'kuuza client kuti isamayang'ane satifiketi n'komwe. Pa seva imeneyo pamadutsanso mayina ndi maadiresi a ogula, ndipo lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu kuno ku South Africa, silinyengerera munthu. Komanso za "mawa tidzaona" zija ndi zomwe zimakalambira mu khodi. Fayilo inafika mbandakucha. Tinailozera pa ca_certs, pouzira client komwe fayiloyo ili, pasiwedi n'kuichotsa mu khodi kuti izichokera mu environment variable, yosungidwa kunja kwa khodi, poti amene anayamba ntchitoyi anangoisiya poyera mu Git, momwe timasungira khodi. Ping, yoyesera ngati seva ikuyankha, inati True, nsapato zinabwerera.

Lachinayi m'mawa abwana analowa khofi ali m'manja, kufunsa kuti bwanji "a IT" sanalione msanga vutoli. Ndinawakumbutsa pamaso pa onse kuti seva ya staging, yoyeserapo zinthu zisanafike kwa ogula, tinaipempha kalekale, iwo n'kutiyankha kuti bajeti palibe. Ikanakhalapo, cholakwikachi chikanaoneka masana, kasitomala asanamve n'komwe. Anangoti ndilembe ripoti.

Lachisanu ndinalilemba ripotilo, n'kuwonjezera timeout ndi max_retries pa client, zouza kuti idikire nthawi yaitali bwanji ndi kuyesanso kangati. Black Friday, tsiku la maseli aakulu, ili pakhomo, staging kulibebe, ndipo maola a usiku uja palibe amene wanena zowalipira.