Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Ku Nathan Road aliyense ali ndi maso

Ndinasiyira pomwe ndinapeza kachipinda ku Chungking Mansions, chinyumba cha nsanjika 17 chija cha pa Nathan Road ku Hong Kong. Pansi pake panali timashopu ta mafoni, ndipo amalonda a ku Nigeria, Tanzania, Pakistan ndi India ankapanikizana pamenepo tsiku lonse. Chimandarini (chiyankhulo chachikulu cha ku China) chochepa chomwe ndinali nacho sichinandifikitse patali, chifukwa eni mzinda amayankhula Chikantoni.

Aphunzitsi anga anali abambo ena achikulire ogulitsa makatoni ndi tepi, omwe ndinkawatcha aa baak, monga amaitanira munthu wamkulu kumeneko. Moni ndi manambala anandiphunzitsa mothamanga. Pomwe anakhalitsa ndi pa mawu a ukazitape, ndipo anali ndi chifukwa. Pa malonda a mafoni, chinsinsi chako ndi munthu amene umapikulako katundu ndi mtengo umene amakupatsa. Wina akangodziwa zimenezi, phindu lako lapita.

Anayamba ndi tau tai, kusuzumira mobisa, kenako tau teng, kutchera khutu pa zokamba za eni. Tau yekhayo ndi kuba. Gan zung ndi kulondola munthu pambuyo osamudziwitsa. Tsiku lina ndikumanga katoni anandigwira mkono n'kunong'ona kuti "tau tai", akuloza ndi mlomo mnyamata amene ankayerekeza kusankha chaja pomwe maso ali pa lisiti yanga. Ndinaipinda n'kuiika m'sokosi.

Amene anandisangalatsa ndi tai seoi, kuyang'ana madzi, ntchito ya uja amaima pakona kuti achenjeze anzake apolisi akatulukira. Atolankhani othamangitsa anthu otchuka ndi makamera amawati gau zai deoi, gulu la tiagalu.

Kutchula ndiye kunali ntchito. Chikantoni chili ndi kakwezedwe ka mawu ka mitundu 6, ndipo ukaphonya wanena zina. Koma ife a "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika khutu lathu linazolowera kale, moti aa baak ankadabwa nane.

Mawu amodzi okha anandiletsa kuwatchula pagulu: ji ng zai, kapirikoni wogulitsa anzake. Ine ndinakula nthawi ya Kamuzu, pomwe bambo ankatsitsa mawu ngakhale m'nyumba mwawo momwe, choncho sindinafunse chifukwa.

Gawo lotsatira ndidzakamba za katundu wanga woyamba ndi momwe anafikira ku Lilongwe.